Ndodo yoyela nayo ili ndi aphunzitsi ake

Pa chalichi cina ca kumudzi kumene ndimapita kukaphunzitsa katekisimu pali mdala wina amene anali mlimi wa nshawa wodziwika. Maso ake atafa, mdzukulu wake wa giledi 5 ndiye anatenga nchito yomutsogolela. Kumunda, ku Misa, ngakhale kucimbudzi, mwana patsogolo atagwila nsonga ya ndodo, ambuyake pambuyo. Sukulu inathela pomwepo. Conco khungu la munthu mmodzi linagwila anthu awili.

Ambili a ife sitidziwa kuti kuyenda wekha uli wosaona ndi cinthu cocita kuphunzila, ndipo pali akatswili amene nchito yao ndi imeneyi cabe. M'maiko ena munthu amayamba watenga digili yoyamba, ndiyeno n'kupitilizanso maphunzilo a masitazi kuti akhale mphunzitsi wa kayendedwe ka anthu osaona.

Luso limeneli linayamba ndi nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Mu 1944, pa cipatala ca asilikali ca Valley Forge ku America, Richard Hoover anaona kuti ndodo yaifupi ndi yolemela siinali kuwathandiza anyamata amene anataya maso kunkhondo. Iye anakonza njila yoyendela ndi ndodo yaitali, yopepuka, imene imafika pansi munthu asanapondepo.

Akatolika tili ndi dzanja pa nkhani iyi. Bambo Thomas Carroll, wansembe wa ku Boston, anatumikila asilikali osaonawo, ndipo mu 1954 anatsegula malo ophunzitsila akuluakulu amene angotaya maso. Mu 1960, Boston College, sukulu ya Ajezuwiti, inakhala yoyamba kuphunzitsa luso limeneli pa mlingo wa masitazi. Western Michigan University inatsatila mu 1961.

Kodi amaphunzila ciani? Amaphunzila mmene diso limagwilila nchito ndi matenda ake, mmene khutu limadziwila kumene phokoso likucokela, ndiponso maganizo a munthu amene wataya maso atakula kale. Koma cacikulu ndi ici: wophunzila amamangidwa nsalu kumaso kwa maola ambili, n'kumayenda ndi ndodo m'nyumba, pa masitepe, mpaka kuoloka miseu ya magalimoto. Akatelo amakayesela nchito pa anthu osaona enieni, katswili wina akumuyang'anila. Sangaphunzitse mnzake njila imene mwini wake sanaipondepo mumdima.

Ndodoyo imatalika kufika ca pacifuwa. Munthu amaigwila pakati pa thupi ndi kuiyendetsa uku ndi uku mopitilila pang'ono mapewa ake. Phazi lamanja likapita patsogolo, ndodo imagunda kumanzele, kumene phazi lotsatila likaponde. Wosaona amaphunzilanso kugwilitsa nchito dzuwa, mphepo, kulila kwa cigayo ndi fungo la khola ngati zizindikilo za njila.

Kuno kwathu maphunzilo a osaona si acilendo. Sukulu ya osaona ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayambitsidwa ndi amishoni a Dutch Reformed mu 1905. Ku Lusaka, ZAMISE ndi University of Zambia zimaphunzitsa aphunzitsi a ana olemala, ndipo mu 2012 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa anthu olemala. Koma mwana wa pasukulu ndi wina, mlimi amene wataya maso ali ndi zaka 60 ndi winanso. Iyeyu afunika womutsatila kumudzi, woti amuonetse njila ya kudimba kwake ndi ya kucitsime. Ana athu amene anatsiliza digili ya uphunzitsi kapena ya zaumoyo aiganizileko nchito imeneyi.

Poyembekezela akatswiliwo, ifenso m'miphakati tili ndi zocita. Coyamba, wodwala maso apite kucipatala msanga, pakuti ng'ala imacotsedwa ndi opaleshoni ndipo munthu amaonanso. Caciwili, potsogolela wosaona musamukoke ndi ndodo kapena kumukankha. Muloleni agwile mkono wanu pamwamba pa cigongono, inu mukhale patsogolo pang'ono, ndipo muzimuuza pakakhala dzenje kapena sitepe. Cacitatu, pakhomo zinthu zizikhala pamalo amodzi. Khasu losiyidwa panjila ndi msampha. Ndipo polankhula naye, lankhulani ndi mwini wake, osati ndi mwana amene wamupelekeza.

Mdala uja tinamumangila cingwe kucoka pakhomo mpaka kucimbudzi, ndipo a mphakati amasinthana pomutenga Lamulungu. Mdzukulu anabwelela kusukulu. Koma kumunda sanafikebe yekha, cifukwa pamenepo nzelu zathu zinatithela. Pafunika munthu amene anaziphunzila.

Pa 15 October ndi tsiku lokumbukila ndodo yoyela. Pa mapemphelo a mlungu umenewo tikumbukile Bartimeyo wa pa Marko 10, amene gulu linamuletsa kulankhula koma Yesu anamuitana ndi kumufunsa cimene anali kufuna. Nafenso abale, tiwafunse osaona a m'parishi mwathu kumene afuna kufika.