KUSANKHA BUKU LOPHUNZITSA KUSUNGA ZOMERA ZODYA TIZIROMBO

Nkhani yathu ya lero iri ya mabuku, koma tiyenera kuyambira ku dambo. Inu amene munakulira ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi, ndi kuweta ng'ombe muli anyamata, kapena munapondapo kacitsamba kofiira komera pa mcenga wonyowa. Masamba ace ali ndi ubweya, ndipo pa nsonga ya ubweya uliwonse pali kadontho konga mame, kosauma ngakhale dzuwa liri pamutu. Si mame ai, ndi ulimbo. Udzudzu ukaterapo umakanirira monga mbalame pa ulimbo wa anyamata, ubweya uja umapindika pang'onopang'ono, ndipo tsamba limasungunula nyamayo ndi kumwa msuzi wace. Akatswiri amakacha Drosera, ndipo mitundu ingapo ya kacitsambaka imamera m'madambo a Zambia ndi Malawi.

Ziripo zinzace ziwiri m'dziko lathu lino. Utricularia ali ndi timatumba tating'ono m'madzi kapena m'matope, timene timameza kacirombo msanga kopambana kuphethira kwa diso. Genlisea amachera pansi pa nthaka ndi timapaipi tokhala ndi ubweya woloza m'kati. Kanthu kakalowa sikabwereranso, monga nsomba m'mono. Zonsezi zimadya tizirombo cifukwa zimamera pa nthaka yosauka, yosowa cakudya cija cimene alimi amathira m'cimanga ndi feteleza wa urea. Sungani mau amenewa, pakuti ndiwo adzatithandiza kuyesa mabuku.

Tsono munthu akafuna kusunga zomera zotere pakhomo, m'citini kapena m'mphika, amafuna buku. Mabuku ace ngolembedwa m'Cingerezi, ngocokera kutali, ndipo mtengo wace suli wamasewera kwa munthu wodikira malipiro a pa mwezi. Nkofunika kudziwa poyamba kuti alipo a mitundu iwiri: ena amanena za maina ndi makhalidwe a zomerazi, ena amaphunzitsa kasungidwe kace. Charles Darwin anatulutsa Insectivorous Plants m'caka ca 1875. M'menemo anafotokoza mmene anapatsira Drosera tizidutswa ta nyama ndi ta dzira, naonetsa kuti tsamba limagaya cakudya ndi madzi onga a m'mimba mwa nyama. Ndi buku lokoma, koma silidzakuuzani dothi loika m'citini. Cimodzimodzi buku la Peter Taylor la 1989, The Genus Utricularia, lofotokoza mitundu 214, ndiponso Flora Zambesiaca, mabuku a akatswiri a ku Kew ku London onena za zomera za dziko lathu ndi maiko oyandikana nalo, amene anayamba kutuluka mu 1960. Awa ndiwo mboni zokhulupirika pofuna dzina la cimene mwapeza m'dambo. Ngoyenera kuwerenga ku laibulale, osati kutayirapo ndalama za ufa.

Ophunzitsa kasungidwe amene ali ndi mbiri yabwino ndi atatu awa: Insect-Eating Plants and How to Grow Them la Adrian Slack wa ku England, la 1986, The Savage Garden la Peter D'Amato wa ku California, lotuluka mu 1998 ndi kukonzedwanso mu 2013, ndi Growing Carnivorous Plants la Barry Rice, la 2006. Onse atatuwa anasunga zomerazi ndi manja ao zaka zambiri. Ine ndikadakhala ndi ndalama za buku limodzi lokha ndikadatenga la D'Amato la 2013, cifukwa limatenga mtundu uliwonse paokha ndi kunena madzi ace, dothi lace ndi dzuwa lace m'mau osabvuta.

Nanga mukapeza buku lina, la mwini wosadziwika, lokhala ndi zithunzi zokongola? Musayambe ndi zithunzi. Tsegulani pamene anena za madzi. Wodziwa nchito yace adzakuuzani kuti muthirire madzi a mvula, pakuti madzi a pa mjigo ndi a m'mpopi kawirikawiri ali ndi mcere wosaoneka umene umaunjikana m'citini kufikira mizu itapsa. Kuwiritsa madziwo sikucotsa mcerewo. Kenaka onani za feteleza. Ife a Kum'mawa tinazolowera kuti mbeu ikafooka tiipatse D Compound kapena manyowa a m'khola. Koma cimene cimanenepetsa cimanga cimapha Drosera, cifukwa mizu yace inazolowera umphawi. Buku likakuuzani kuti muthire feteleza m'dothi, kapena kuti mudyetse comeraco nyama ya ku buchala, libwezeni pa shelefu. Nyama yotere imaoletsa tsamba. Tizirombo tidzabwera tokha, ndipo kuno nchenche ndi udzudzu sitisowa.

Ngakhale buku labwino liyenera kuwerengedwa ndi maso a kwathu, pakuti eni ace analembera anthu a ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko cisanu cimagwa mu December ndi January, pamene ife tiri pakati pa dzinja, cimanga ciri m'maondo. Buku likati, cepetsani madzi mu November popeza cisanu cayandikira, inu muwerenge kuti May. Ndiponso ku England, kwao kwa Slack, mvula imagwa caka conse. Ku Chipata mvula imaleka mu April ndi kubweranso mu November, kotero kuti munthu ayenera kusunga madzi a miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri m'mgolo wobvundikira. Mvula yoyamba muileke itsuke pfumbi pa malata, mutunge yotsatira.

Bvuto lalikulu liri pa comera cimene cimakopa anthu ambiri pa cikuto ca mabuku, Dionaea, ca masamba otseka monga msampha wa citsulo. Kacirombo kakakhudza ubweya wa m'kati kawiri motsatana, tsamba limatseka. Kwao kweni kweni ndi ku North Carolina ndi South Carolina kokha, ndipo caka ndi caka cimafuna kugona m'cisanu ca miyezi itatu. Kwathu usiku wa June ndi July umazizira ndithu, koma usana umafunda, ndipo comera cosagona bwino cimanka cifooka caka ndi caka. Anthu a m'maiko otentha ena amaciika m'firiji miyezi imeneyo. Buku lokuyenerani ndi limene linena poyera kuti mtundu uwu ufuna cisanu, uwu sufuna. Woyamba kumene angacite bwino ndi Drosera capensis wa ku Cape, ku South Africa, wopirira ndi wobala njere zambiri, kapena Drosera madagascariensis, amene amamera m'madambo athu omwe. Drosera indica nayenso ngwa kuno, koma moyo wace ngwa nyengo imodzi: amamera, nabala njere, nafa. Wosawerenga zimenezi adzayesa kuti walakwa, nataya dothi limene muli njere za caka ca mawa.

Mabuku onsewa adzakuuzaninso za dothi lochedwa peat, ndilo ndere za m'zithaphwi zoola kwa zaka zambiri, losanganiza ndi mcenga. M'masitolo a zamaluwa a ku Lusaka ndimo mungafunse. Koma werengani pa thumba, cifukwa lina limabwera losanganiza kale ndi feteleza kapena laimu. Mcenga ukhale wotsuka bwino ndi madzi a mvula.

Potsiriza, funani tsamba lonena za kucurukitsa. Mlembi woona amaphunzitsa kufesa njere pamwamba pa dothi lonyowa, osazikwirira, ndi kumeretsa ana pa tsamba lodula. Satuma munthu kukakumba kuthengo. Ku North Carolina anthu anakumba Dionaea kufikira boma linaika lamulo mu 2014 lakuti wokumba wopanda cilolezo angathe kulowa m'ndende. Madambo athu ali kale ndi adani ao, madimba ndi okumba mcenga womangira nyumba, ndipo Drosera wozulidwa m'dambo kawirikawiri amafera m'citini. Tinjere tace ntating'ono ngati pfumbi. Kamutu kamodzi kouma, kokutumulira m'pepala, nkokwanira kudzaza zitini zingapo, ndipo mai wace atsala pamalo pace.