Musadikire Chigayo Chife

Amayi anzanga, mafakitale a shuga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa amasiya kugaya nzimbe m'nyengo ya mvula. Nthawi imeneyi amisiri amamasula makina ndi kusintha zitsulo zimene zatha.

Kasamalidwe ka makina kali patatu. Ena amadikira kuti awonongeke, ndipo ntchito imaima mwadzidzidzi, ndalama n'kupita zambiri. Ena amasintha oyilo ndi malamba pa masiku oikika. Ena amamvetsera kalilidwe ka makina ndi kuona ngati akutentha, monga timapimira mayi woyembekezera kusikelo vuto lisanakule.

Ngati gulu lanu lili ndi chigayo, muzilemba m'kope tsiku lothira girisi ndi loona sefa. Wokonza azizimitsa kaye makina asanawagwire. Mwezi uliwonse muzipatulanso kandalama kokonzetsera.