Ntchito iliyonse ili ndi mnzake woidikira

Chaka ndi chaka, pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo, dziko la Malawi limakhala mu nyengo yobzala mitengo. Makomiti a zachilengedwe m'midzi, masukulu ndi magulu a alimi amatulutsa mbande m'manazale awo kukawokera. Komabe mbande zambiri sizifika chaka chachiwiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti zimawokeredwa mochedwa, mvula itatsala pang'ono kutha, mizu isanagwire nthaka. Kawirikawiri vuto silikhala ulesi ayi. Anthu amagwira ntchito molimbika, koma amayamba ndi ntchito imene ikanatha kudikira n'kusiya imene sinayenere kuchedwa ngakhale tsiku limodzi.

Nzeru yochokera kumafakitale

Vutoli si la kumudzi kokha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, akatswiri awiri a ku America, Morgan Walker wa kampani ya DuPont ndi James Kelley wa kampani ya Remington Rand, anakonza njira yolinganizira ntchito zikuluzikulu zomanga ndi kukonza mafakitale. Njirayo imatchedwa Critical Path Method. Mu 1958 asilikali a pamadzi a dziko lomwelo anayamba kugwiritsa ntchito njira ina yofanana nayo, yotchedwa PERT, popanga zida za Polaris. Kale izi zisanachitike, cha m'ma 1910, Henry Gantt anali atatchuka ndi tchati chosonyeza ntchito iliyonse ngati mzere wotalika molingana ndi masiku ake.

Ngakhale mayinawa ndi achilendo, mfundo yake mlimi aliyense amaidziwa: denga silifoleredwa khoma lisanaime. Pa ntchito iliyonse pamafunika mafunso atatu. Kodi itenga nthawi yaitali bwanji? Ndi ntchito iti imene iyenera kutha kuti iyi iyambe? Nanga ndi iti imene ikudikira kuti iyi ithe? Mayankho akaikidwa pamodzi, pamaoneka mizere ingapo ya ntchito zotsatana, ndipo mzere wotalika kuposa yonse ndiwo umalamula tsiku lomaliza. Umenewu tingautche msana wa ntchito.

Chitsanzo cha nazale

Tiyerekeze kuti komiti ina ikufuna kuwokera mbande za keshya ndi mthethe pa 20 Disembala. Kupeza malo oyandikira madzi ndi kugwirizana ndi amfumu kutenga sabata imodzi. Mpanda ndi mthunzi zitenga masabata 2 malowo akapezeka. Machubu afika patatha masabata 3 chiitanitsireni. Manyowa a kompositi afuna masabata 8 kuti apse. Kusakaniza dothi, mchenga ndi manyowa n'kudzaza machubu ndi masabata 2. Kufesa ndi kulera mbande ndi masabata 12, ndipo kuzikhwimitsa pochepetsa madzi ndi mthunzi ndi masabata ena 2.

Machubu sangadzazidwe manyowa asanapse, njere sizingafesedwe machubu asanadzazidwe, ndipo mbande sizingakhwimitsidwe zisanakule. Choncho msana wa ntchitoyi ndi 8, 2, 12 ndi 2, zomwe pamodzi ndi masabata 24. Kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 20 Disembala kukutifikitsa pa 5 Julayi. Ndiye kuti komiti imene sinaunjike manyowa kumayambiriro kwa Julayi yachedwa kale, ngakhale mvula ikadali kutali.

Ntchito zinazo zili ndi mpata wopumira. Machubu akufunika sabata ya 8 ikatha, kotero angachedwe ndi masabata 5 popanda kuononga kanthu. Mpanda ukufunika pofesa, sabata ya 10 ikatha, ndiye uli ndi mpata wa masabata 7. Apa m'pamene magulu ambiri amasocherera. Mpanda umaoneka ndi maso ndipo alendo akabwera amauyamikira, pamene mulu wa manyowa palibe amaujambula chithunzi. Anthu onse amathamangira kumpanda, manyowa n'kuiwalika. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Mpata wopumirawo nawonso umatha. Ndalama za machubu zikachedwa kutuluka ku ofesi ya bungwe mpaka machubuwo n'kufika pa sabata ya 9, msana wasamuka: tsopano chomwe chikugwira ntchito yonse ndi machubu. N'chifukwa chake ndondomeko iyenera kuunikidwanso pa msonkhano uliwonse, ndipo ogwira ntchito zachuma m'mabungwe ayenera kudziwa kuti siginecha yawo nayonso ili pamzere womwewo ndi khasu la mlimi.

Zonsezi sizilira kompyuta. Ntchito iliyonse ingalembedwe kapena kujambulidwa pa kapepala kakekake, timapepalato n'kuyalidwa pamphasa. Timiyala kapena njere za chimanga zingaimire masabata, ndipo luzi lingalumikize ntchito ndi mnzake amene ikumudikira. Ubwino wake ngwakuti aliyense angasunthe kapepala n'kunena chifukwa chake. Mayi amene amatunga madzi ndiye amadziwa mwezi umene chitsime chimaphwa, ndipo kudziwa kwakeko kungasinthe ndondomeko yonse.

Mawu a makina ngati mphunzitsi

Kukonza ndondomeko ndi gawo limodzi, kuifotokoza kwa anthu ambiri ndi gawo lina. Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti pafupifupi anthu 3 mwa 10 alionse m'Malawi sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo mlangizi mmodzi amayendera midzi yambirimbiri. Pa chifukwa ichi uthenga wa pakamwa wakhala wofunika kuposa wolembedwa. Bungwe la SAWBO, lomwe linayambira pa University of Illinois mu 2011, linayamba kupanga makanema a zithunzi zojambula ophunzitsa zaulimi ndi zaumoyo, n'kumaikamo mawu a zinenero zosiyanasiyana. Mu 2014 ku Malawi kunayamba ntchito ya 3-2-1 pa lamya za Airtel, yoti munthu aimbe n'kumvera uphungu wojambulidwa kale.

Chatsopano n'chakuti kompyuta tsopano imatha kuwerenga zolembedwa mokweza ndi mawu ofanana ndi a munthu. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa mapulogalamu ochita zimenezi m'zinenero zoposa 1,100, ndipo ambiri mwa mawu ophunzitsira makinawo anachokera kwa anthu owerenga Chipangano Chatsopano. Kwa wogwira ntchito zachitukuko phindu lake n'loonekeratu. Tsiku la msonkhano likasintha, kapena muyeso ukakonzedwa, amangosintha chiganizo chimodzi n'kutulutsa uthenga watsopano tsiku lomwelo, osafunanso situdiyo kapena kuitananso wolankhula. Uthengawo ungatumizidwe pa WhatsApp, kuikidwa pa memory card, kapena kuseweredwa pa wailesi ya gulu.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kakwezedwe ka liwu, chomwe sichilembedwa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, koma khutu la mwini chinenero limamva kusiyana kwake. Makina angaphonye, ndipo mu uthenga wa nazale imene imaleranso mbande zogulitsa, mawu awiriwa amakumana m'chiganizo chimodzi. Manambala ndi zidule za miyeso nazonso zimavuta: makina ena amazidumpha kapena kuzitchula molakwika. Pa uthenga wokhudza mankhwala a mbewu kapena a ziweto, nambala imodzi yolakwika ingaphe munda kapena khola lonse.

Kotero wolemba uthenga wotere alembe ziganizo zifupizifupi, ntchito imodzi pa chiganizo chimodzi, motsata ndondomeko imene ntchitozo zimachitikira. Manambala awalembe m'mawu monga momwe anthu a m'deralo amawatchulira. Asanaufalitse, mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi aumvere kuti aone ngati mfundo zili zoona, kenaka alimi angapo aumvere n'kubwereza m'mawu awoawo zimene amva. Mawu omveka bwino ku Dedza angamveke mwachilendo ku Chipata kapena ku Angónia, choncho kuyesa kuchitike kumene uthengawo ukupita. Omvera auzidwenso poyera kuti wolankhulayo ndi makina, ndipo liwu la munthu wodziwika lisakoperedwe popanda chilolezo chake.

Uthenga nawo uli pamzere

Kukonza uthenga ndi ntchito yokhala ndi msana wake: kulemba, kutsimikiza mfundo, kuika mawu, kuyesa, kukonza, kufalitsa. Makina afupikitsa gawo loika mawu lokha. Kutsimikiza ndi kuyesa kukufunabe masiku ndi anthu. Uthenga wophunzitsa kapangidwe ka manyowa uyenera kufika kwa komiti ija mu Juni, chifukwa ukafika mu Seputembala ungosanduka nkhani ya chaka chamawa. Makomiti amene akufuna kuwokera mu Disembala ayambe kuyala timapepala tawo pamphasa atangomaliza kukolola, ndipo kapepala ka uthenga wophunzitsira kakhale koyambirira pamzerewo.