Msilamu wa ku Nakoli m'dziko la Chikhristu

Funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri monga loya wa malamulo aakulu a dziko ndi lakuti: popeza Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko la Chikhristu, kodi Msilamu wa ku Nakoli, ku Kabwe, ndi mlendo m'dziko lake? Ayi, sali mlendo. Koma yankho limeneli ndimalipereka ndi nkhawa pang'ono.

A Frederick Chiluba, pulezidenti wa nthawiyo, analengeza zimenezi pa 29 Disembala 1991, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu. Mawu oyamba amangonena zimene mtundu ukufuna kudziwika nazo. Woweruza akamva dandaulo la munthu amatsegula ndime 19, yoteteza chikumbumtima ndi chipembedzo cha aliyense, ndi ndime 23, yoletsa tsankho. M'ndime zimenezi Msilamu, Mhindu ndi Mkatolika ndi ofanana.

Poyerekeza ndi kwathu, ku Israel zinthu zinayenda mwina. Nzika imodzi mwa zisanu zilizonse kumeneko ndi Mluya. Amavota ndipo ali ndi aphungu m'nyumba ya malamulo ya Knesset. Koma lamulo la mu Julayi 2018 linati ufulu wodzilamulira monga mtundu ndi wa Ayuda okha, linatsitsa Chiarabu pa udindo wake wa chiyankhulo cha boma, ndipo silinatchule kufanana kwa nzika. Adruze, amene ana awo amalowa usilikali ndi kufera dzikolo, anachita zionetsero ku Tel Aviv. Mu 2021 khoti lalikulu linavomereza lamulolo, ndipo amene anatsutsa anali mmodzi yekha, woweruza wachiluya George Karra.

Nkhawa yanga ili pa mzere umene ambiri sauwerenga. Ndime 19 yathu imalola boma kuchepetsa ufulu wa chipembedzo chifukwa cha chitetezo kapena bata, ndipo dziko likagwidwa ndi mantha mzere umenewu umakula mphamvu. Aluya a ku Israel anakhala pansi pa ulamuliro wa asilikali kuyambira 1948 mpaka 1966, ali nzika. Ifenso zinationekera. Mu 1967, pa mlandu wa Kachasu, mtsikana wa Mboni za Yehova amene anaimitsidwa sukulu chifukwa chokana kuimba nyimbo ya fuko ndi kuchitira ulemu mbendera anagonja m'khoti. Woweruza anavomereza kuti ufulu wake wakhudzidwa, komabe anati chitetezo ndi bata la dziko latsopanolo zikulola zimenezo. Chigamulo chimenechi chimandiwawa mpaka lero, chifukwa mwana wasukulu sakanagwetsa boma.

Choncho khansolo ya Kabwe kapena ofesi iliyonse ikakukanizani malo omangapo mzikiti, kapena sukulu ikakakamiza mwana wanu mapemphero osakhala ake, pemphani kuti chifukwa chake chilembedwe papepala. Pepala limenelo ndi limene loya amanyamula kupita nalo ku High Court, motsatira ndime 28.