Tinjira ta ku Edale

Edale ndi mudzi waung'ono wa ku Mangalande. Mudziwu uli m'chigwa, pakati pa mizinda ya Manchester ndi Sheffield. Alimi a kumeneko amaŵeta nkhosa, ndipo mabusa awo anawatchinga ndi makoma a miyala yongosanja, yopanda dothi kapena simenti.

Alendo amapita ku Edale kukayenda pansi. Tinjira tambiri timadzera m'mabusa momwemo, koma lamulo limalola munthu aliyense kuyendamo. Mlendo akatsekula chipata amayenera kuchitsekanso, kuopa kuti nkhosa za eni ake zingathaŵe. Njira yotchuka koposa ndi Pennine Way, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1965. Njirayi imayambira m'mudzimu ndi kukathera ku Scotland, mtunda wopitirira makilomita 400.

Kumpoto kwa mudziwu kuli phiri la Kinder Scout, lotalika mamita 636. Kale anthu wamba sankaloledwa kupondako, chifukwa eni malo ankasungako mbalame zoti azisaka okha. Zimenezi zinkawaŵa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, amene ankalakalaka kampweya kabwino. Tsono m'chaka cha 1932 anthu mazanamazana anakwera phirilo mwadala, ndipo asanu mwa iwo anaponyedwa m'ndende. Kumangidwa kwawoko kunadzutsa ena ambiri, mpaka malamulo anasintha.

Lero aliyense amakwera phirili mwaufulu, komabe si phiri lamaseŵera. Pamwamba pake pali zithaphwi, ndipo nkhungu imagwa mwadzidzidzi. Woiŵala mapu angathe kusokera dzuŵa likali pamutu.