Madzi oundana a kutali ndi mvula ya kuno ku Benga

Amayi a m'mphepete mwa nyanja amaidziwa nyengo poona mphepo. Mwera ukayamba mu Meyi, mafunde amakula ndipo asodzi amakhala masiku ena osalowa m'madzi. Mpoto ndi mphepo ya dzinja, yobwera ndi mitambo ya mvula. Zimenezi timaziona ngati zakwathu zokha, koma matope a pansi pa nyanja ya Malawi akusonyeza kuti mphepo ndi mvula zathu zinasinthapo kangapo chifukwa cha madzi oundana amene anasungunukira m'nyanja yamchere kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi.

Nthawi ya chisanu chachikulu

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo dziko linali lozizira kwambiri kuposa lero. Pafupifupi dera lonse limene tsopano ndi Canada, komanso kumpoto kwa Ulaya, linakwiririka ndi madzi oundana olimba ngati thanthwe, malo ena okhuthala makilomita atatu. Poti madzi ambiri anali ataundana pamtunda, nyanja zamchere zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Nyengo zoterezi zabwera ndi kupita kambirimbiri.

Kuti timvetse zimene zinkachitika madziwo akasungunuka, tiyambire kukhitchini. Ikani dzira m'kapu ya madzi a pamjigo, limamira. Thiranimo mchere wambiri ndi kutakasa, dzira lija limayandama. Madzi amchere ndi olemera kuposa madzi opanda mchere. Madzi ozizira nawonso ndi olemera kuposa ofunda, n'chifukwa chake m'nyanja yathu madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi.

M'nyanja ya Atlantic muli mkokomo waukulu wa madzi umene umayenda ngati mtsinje. Madzi ofunda amchere amachoka kumadera otentha kulowera kumpoto, atanyamula kutentha. Akafika kufupi ndi Greenland amazizira, amalemera, n'kumira, kenako amabwerera kumwera chapansipansi. Kumira kumeneku ndiko kumakoka madzi ena ofunda kuti abwere m'malo mwake.

Tsono madzi oundana a pamtunda alibe mchere, chifukwa ndi ochokera kumwamba ngati mvula. Akasungunukira m'nyanja ambiri nthawi imodzi, amayala pamwamba ngati mafuta pa msuzi. Madzi a pamwamba aja amapepuka, amaleka kumira, ndipo mkokomo wonse umafooka. Kutentha kumene kunkapita kumpoto kumatsalira kumwera. Kumpoto kumazizira kwambiri, kumwera kumafunda pang'ono.

Umboni wake unapezeka pansi pa nyanja. Mu 1988 katswiri wa ku Germany, Hartmut Heinrich, anafotokoza za mizere ya timiyala ndi mchenga yopezeka m'matope a pansi pa Atlantic, kutali ndi mtunda. Timiyalato tinanyamulidwa ndi zimphona za madzi oundana zimene zinkabenthuka pamtunda, n'kuyandama mpaka kusungunuka pakati pa nyanja. Mzere uliwonse ndi chizindikiro cha nthawi imene madzi opanda mchere anathiridwa ambiri m'nyanjamo.

Nanga ife zinatikhudza bwanji?

Mvula ya mu Africa imagwa motsata lamba wa mitambo amene amayenda chaka ndi chaka. Amafika kwathu kuno cha mu Novembala, amabwerera kumpoto cha mu Epulo. Lambayu amakonda kutsamira mbali ya dziko imene yafunda. Choncho kumpoto kukazizira mwadzidzidzi, lamba wa mvula amakankhidwira kumwera.

Zimenezi zinachitika zaka za pakati pa 17,000 ndi 16,000 zapitazo, madzi oundana ambiri atalowa mu Atlantic. Nyanja ya Victoria, imene ili pakati pa Tanzania, Uganda ndi Kenya, inauma. Nyanja ya Tana ku Ethiopia inaumanso. Koma matope a m'nyanja yamchere pamene mtsinje wa Zambezi umathirira ku Mozambique akusonyeza kuti m'chigwa cha Zambezi mvula inachuluka nthawi yomweyo. Dziko lathu lili pakati pa mbali ziwirizi, pamalo pamene kusuntha pang'ono kwa lamba wa mvula kumamveka msanga.

Nyanja yathu inasunga mbiri yakeyake. Pansi pake, kupitirira mamita pafupifupi 250, madzi alibe mpweya wopuma, ndiye kulibe nsomba kapena nyongolotsi zovundula matope. Fumbi ndi tizomera takufa zimadikha mosanjikizana chaka ndi chaka ngati masamba a buku. Mu 2005 ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana anamanga makina oboola pansi pa sitima ya Viphya, ndipo pakati pa nyanja anaboola matope mamita pafupifupi 380. Matope amenewo ndi a zaka zoposa miliyoni imodzi.

M'matope a kumpoto kwa nyanja anapezamo phulusa la mapiri ophulika a ku Rungwe ku Tanzania, kuseri kwa Karonga. Phulusali limafika m'nyanja lambiri mphepo ya mpoto ikakhala yamphamvu. Atayerekeza ndi mbiri ya ku Greenland, anaona kuti nthawi zimene kumeneko kunkazizira mwadzidzidzi, kuno mpoto unkakula mphamvu. Imodzi mwa nthawizi inayamba zaka 12,900 zapitazo n'kutha zaka 11,700 zapitazo. Pothera pake, ku Greenland kunafunda ndi madigiri angapo m'zaka makumi ochepa chabe, nthawi yosakwana moyo wa munthu mmodzi.

Matope omwewo anaonetsanso kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, nyanja n'kutsika ndi mamita oposa 500. Pamene pali Benga lero panali mtunda wouma, madzi ali kutali. Zilala zimenezo akatswiri amati zinadza makamaka chifukwa cha kusintha kwa kapendekekedwe ka dziko pozungulira dzuwa, koma zikutiphunzitsa chinthu chomwecho: gombe limene tikulidziwa silinakhale pamalo amodzi nthawi zonse.

Za masiku ano

Lero dziko likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, petulo ndi dizilo komanso kutha kwa nkhalango. Greenland yakhala ikutaya matani oposa 200 biliyoni a madzi oundana pa chaka, tikatenga avereji ya zaka zambiri. Mu 2021 gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, la IPCC, linanena kuti mkokomo wa mu Atlantic uja ukuyembekezeka kufooka m'zaka zino, ngakhale silikuyembekeza kuti ungaime mwadzidzidzi chisanafike chaka cha 2100. Linachenjezanso kuti utaima, mvula ya kumadera otentha ingasunthire kumwera, monga zinachitikira kale.

Sikuti chilala chilichonse kapena chigumula chilichonse chimachokera ku Greenland. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika ngakhale m'zaka zochepa. Kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 inatsika kwambiri moti inaleka kuthira madzi mu Shire. Mu 1980 inadzaza kwambiri. Mu 2024, chaka cha El Niño, chimanga chinapserera kumwera ndipo boma linalengeza za ngozi m'maboma 23, pamene mtsinje wa Dwangwa unasefukira mu Febuluwale n'kusamutsa mabanja ambiri m'boma lathu lino. Miyezi yotsatira nyanja inakwera, inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Chaka chimenecho chinationetsa mmene zimakhalira mvula ikatsamira mbali imodzi: ena akulira ng'amba, ena akuthawa madzi, m'dziko limodzi.

Zimene tingachite m'mabanja ndi m'magulu athu

Pomanga nyumba kapena kukumba chimbudzi, funsani agogo pamene madzi anafika mu 1980, onaninso pamene anafika mu 2024, ndipo mangani kumtunda kwa malire amenewo. Chimbudzi chikamira, zoipa zimalowa m'zitsime ndi m'nyanja, ndipo kolera sachedwa, monga tinaonera mu 2022 ndi 2023. Madzi akasefukira, akumwa aziphitsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Kumunda tisadalire mbewu imodzi. Chinangwa ndi mbatata zimapirira mvula ikadula, mpunga umachita bwino kudambo madzi akachuluka, chimanga chocha msanga chimapulumuka dzinja likafupika. Mabango ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja tiisiye, chifukwa ndiyo imagwira nthaka madzi akakwera. M'mabanki m'khonde, ndi bwino kupatula kandalama ka ngozi chaka chimene takolola bwino.

Pomaliza, gulu lililonse la amayi lingathe kukhala ndi kope lolembamo tsiku limene mvula yobzalira yagwa, masiku amene yadula, mwezi umene mwera wayamba, ndi pamene madzi a nyanja afika pa mtengo kapena mwala wodziwika. Pakatha zaka khumi, kope limenelo lidzathandiza ana athu kudziwa nthawi yobzala ndi malo oyenera kumangapo.