Si ndiwo zonse za amwenye zili ndi ukali

Banja la ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, likagulitsa matemba ku Limbe, nthawi zina limalowa m'lesitilanti ya amwenye. Mwana akangolawa ndiwo, misozi mbwee, mbale n'kutsala, ndalama zapita.

Komatu nkhani yagona pa kasankhidwe. Korma, yomwe amaphika ndi yogati kapena kirimu, njofatsa. Butter chicken nayonso siluma kwambiri. Koma vindaloo ya ku Goa ndiye moto ngati kambuzi.

Tsabola akalusa m'kamwa, madzi sathandiza chifukwa capsaicin, chomwe chimawawitsacho, sichisungunuka m'madzi. Chozimitsa motowo ndi raita, yogati yosakaniza ndi nkhaka.

Kholo lanzeru limayamba lauza woperekera zakudya kuti, "Achimwene, za anawa tsabola ayi."